Mizere yoyera yokha singawolotse munthu wosaona

Chaka china, ndikugwira ntchito kusikelo ya amayi oyembekezera, ndinalandira mayi wosaona amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Nditatsegula kabuku kake ka kuchipatala ndinaona kuti anabwerako kamodzi kokha, pakati pali pa miyezi itatu, kenaka zii. Mapazi anali atatupa, ndipo nditamuyeza ndinapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Mzamba aliyense amadziwa kuopsa kwa zizindikiro zimenezi. Chifukwa cha mantha ndi kutopa, ndinayamba n'kukalipa.

"Amayi, munali kuti miyezi yonseyi? Simukudziwa kuti mukanatha kutaya moyo?"

Anandisiya ndimalize, kenaka anayankha mofatsa. "A nesi, kwathu si kutali. Belu la kutchalitchi kuno ndimalimva ndili pakhonde. Koma pakati pa inu ndi ine pali msewu wa tala. Amene amandiwolotsa ndi mwana wanga wa Sitandade 4. Kuti ine ndibwere kuno, ndiye kuti iye ajombe kusukulu."

Ndinamukumbutsa kuti pafupi ndi geti la chipatala pali zebra crossing. Anaseka pang'ono. "Mizere imeneyo mumaiona ndinu. Ine ndimangomva kuti ilipo. Galimoto zimene ndimazimva pamenepo n'zongodutsa."

Tinamugoneka tsiku lomwelo, ndipo mwa chisomo cha Mulungu anachira bwino, mwana wamkazi. Koma mawu ake sanandichoke m'mutu. Chipatala chinalipo, mankhwala analipo, ife anamwino tinalipo, koma mamita asanu ndi awiri a tala anatsala pang'ono kutilanda mayi ndi mwana. M'nkhani ino ndikufuna tione mmene munthu wosaona kapena waulumali wina amawolokera msewu, zimene zimamuika pangozi, ndi zofunika pamalo owolokera kuti akhale otetezadi aliyense.

Nkhaniyi ikukhudza anthu angati?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Amenewa ndi anthu oposa 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo ali ndi vuto la kuona. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino oposa 134,000, amene ambiri mwa iwo saona patali ndipo kuwala kwa dzuwa kumawathobwa m'maso.

Kumbali ya ngozi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, kuno ku Africa n'kumene imfa zapamsewu zachuluka kuposa kwina kulikonse, ngakhale galimoto tili nazo zochepa. Ngati woona bwino, wa miyendo yake iwiri, akugundidwa chonchi, kuli bwanji mnzathu woyendera ndodo?

Ndipo tisaganize kuti iyi ndi nkhani ya anthu ena. Akuluakulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Ng'ala imabwera ndi ukalamba. Matenda a shuga amawononga maso pang'onopang'ono ndipo ena amadulidwa nawo mwendo. Sitiroko imasiya munthu akukoka phazi. Mayi amene wangochitidwa opaleshoni pobereka, kapena ali ndi pakati potopa uku akutsogoza mwana wina, naye sangathamange pamsewu. Tonsefe tikakhala ndi moyo wautali tidzafuna malo owolokera oleza nafe mtima.

Mmene munthu wosaona amawolokera

Woona amawoloka ndi maso. Wosaona amawoloka ndi makutu, mapazi ndi ndodo yoyera, ndipo ali ndi mafunso anayi oti awayankhe asanaponde tala.

Loyamba: kodi msewu wayambira pati? Ndodo yoyera amaiyendetsa kumanja ndi kumanzere patsogolo pake, kuti ikhudze pamene phazi likukaponda. Ikagunda kasitepe ka simenti m'mphepete mwa msewu, kapena ikamva kusintha kuchoka padothi kufika patala, amadziwa kuti wafika. Pamene palibe chosiyanitsa chilichonse akhoza kulowa mumsewu akuganiza kuti akadali m'mbali.

Lachiwiri: kodi powolokera penipeni ndi pati? Penti siimveka kuphazi kapena kundodo. Zebra crossing yongopenta basi, kwa munthu wosaona n'chimodzimodzi ndi malo ena alionse pamsewupo.

Lachitatu: ndiyambe liti? Apa m'pamene makutu amagwira ntchito. Amamvetsera galimoto zochokera kumanja ndi kumanzere mpaka kutakhala phee, kapena mpaka atamva kuti injini zaima pafupi naye. Pamphambano ya maroboti amadikira kuti galimoto zoyenda mbali imene iye akulowera zinyamuke, chifukwa nthawi imeneyo zodutsa kutsogolo kwake zimakhala zaimitsidwa.

Lachinayi: ndilunjike kuti? Munthu aliyense akatseka maso n'kuyenda amakhotera mbali imodzi osadziwa. Msewu ukakula, kukhotako kumakulanso, moti munthu akhoza kuphonya tsidya linalo n'kumayenda motsata msewu pakati pa galimoto.

Tsono taganizirani malo athu ochitira malonda, monga aja ali m'mbali mwa msewu wa M1, pamene msika ndi msewu zinalowana. Masipika a m'mashopu akulira, chigayo chikugunda, oitanira minibasi akukuwa. Phokoso lonselo kwa munthu wosaona lili ngati chifunga kwa dalaivala. Minibasi imene yaima pafupi injini ikulira imabisa phokoso la galimoto ina imene ikubwera kuseri kwake. Njinga yakapalasa simveka mpaka itafika. Galimoto imene dalaivala waizimitsa pamtsetse pofuna kupulumutsa mafuta imabwera mwakachetechete. Pa roundabout galimoto siziima n'komwe, choncho mpata wa bata umene makutu akudikira sufika.

Ndodonso ili ndi malire ake. Imapeza zapansi, koma siipeza galasi la lole yoimika m'mbali, chikwangwani chopachika mmunsi kapena denga la benchi ya malonda, zimene zimamenya munthu kumaso. Ngalande yosavindikira imaipeza ngati munthu akuyenda modekha, koma akadzidzimuka ndi hutala n'kulumphira m'mbali, amagweramo.

Ambiri mwa amene timati osaona amaonako pang'ono, ndipo vuto lawo limasiyana. Wa ng'ala amaona mbuu ngati muli utsi, ndipo nyali za galimoto usiku zimamuphimba maso. Wa matenda a glaucoma amayamba kutaya kuona kwa m'mbali, moti akhoza kuwerenga chikwangwani kutsogolo koma osaona njinga yamoto imene ikuchokera kumanja. Anthu otere amathandizika ndi mitundu yowala yosiyana bwino ndi tala, komanso nyali zokwanira.

Anzathu a ulumali wina ali ndi zawo. Wosamva saimva hutala, ndipo dalaivala amene akudalira hutala m'malo mwa mabuleki amamugunda. Woyenda panjinga ya olumala amalephera kukwera sitepe ngakhale yaifupi ngati chikhatho, choncho amakakamizika kuyenda mumsewu momwemo kufuna potulukira. Komanso pokhala ali chokhala, dalaivala samuona msanga kuseri kwa galimoto yoimika.

Liwiro ndi nthawi: tiwerengere limodzi

Msewu wa mbali ziwiri umakhala wotambalala pafupifupi mamita 7. Akatswiri okonza maroboti m'maiko ambiri amawerengera kuti munthu wamkulu amayenda mita 1.2 pa sekondi. Munthu wotere amawoloka msewuwu m'masekondi 6. Woyendera ndodo ziwiri, kapena gogo wa nyamakazi, tinene kuti akuyenda theka la liwiro limeneli, afuna masekondi 12.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. M'masekondi 12 aja imakhala itayenda mamita oposa 260, kutalika kwa mabwalo a mpira awiri ndi theka. Kutanthauza kuti gogo akhoza kuyamba kuwoloka galimoto isakuoneka ndiponso isakumveka, koma n'kumupeza asanafike tsidya linalo. Sanalakwitse chilichonse. Msewuwo sunamupatse nthawi.

Dalaivala naye ali ndi masamu ake. Kuchokera pamene waona munthu kufika pamene phazi laponda buleki pamadutsa sekondi imodzi kapena kuposerapo. Pa makilomita 50 pa ola, galimoto imayenda mamita 14 m'sekondi imeneyo. Pa makilomita 30, mamita 8 okha. Ndipo liwiro likawonjezeka kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawonjezeka kanayi. Bungwe la WHO limanena kuti liwiro likakwera kuchoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola, chiopsezo choti woyenda pansi wogundidwa amwalire chimakula kanayi ndi theka. N'chifukwa chake nduna za maiko zitakumana ku Stockholm mu 2020 zinagwirizana kuti pamalo pamene anthu ndi galimoto zimasakanikirana, liwiro lisapose makilomita 30 pa ola.

Amene tinagwirapo ntchito kuchipinda cholandirira ovulala timaudziwa mtunda wa pakati pa manambala amenewa. Wina amabwera ndi mwendo wothyoka n'kutuluka ndi pulasitala. Wina amabwera atavulala m'mutu, n'kumwalira tisanapeze ambulansi yomutumizira kuchipatala chachikulu.

Zofunika pamalo owolokera abwino

*Chokakamiza galimoto kuchepetsa liwiro.* Ichi ndiye choyamba, ndipo popanda ichi zina zonse n'zokongoletsa chabe. Chikwangwani chimapempha, koma hampu imakakamiza. Njira yabwino ndi kukweza powolokera penipenipo kuti pakhale ngati hampu yotambalala, yosalala pamwamba, yofanana msinkhu ndi kanjira ka oyenda pansi. Dalaivala amachepetsa liwiro pamalo enieni pamene pali anthu, ndipo wapanjinga ya olumala amadutsa osatsika kapena kukwera. Timahampu ting'onoting'ono tondondozana patsogolo pake timadzutsa dalaivala, komanso phokoso lake limauza wosaona kuti kukubwera galimoto.

*Kanjira kofikira pamalopo.* Powolokera pabwino sipathandiza ngati munthu sangapafike. Pafunika kanjira kosalala m'mbali mwa msewu, kopanda milu ya mchenga, mabenchi a malonda kapena galimoto zoimika, ndipo ngalande zikhale zovindikira. Kakhale kotambalala moti njinga ya olumala n'kudutsa munthu wina osatsikira mumsewu.

*Potsetsereka m'malo mwa sitepe.* Amisiri amapatchula kuti rampu. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika. Sitepe ya masentimita 15 ifuna potsetsereka potalika masentimita 180. Pakatsetsereka kwambiri, njinga imathawira mumsewu kapena kugudubukira chagada. Potsetserekapo paloze molunjika tsidya linalo, ndipo tsidyalo pakhalenso pena, kuti munthu asatsekeredwe mumsewu. Mzinda wa Kalamazoo ku America unadula masitepe otere mu 1945 pofuna kuthandiza asilikali amene analumala kunkhondo, koma lero amene amapindula nawo ndi aliyense wokankha wilibala, wonyamula katundu kapena wokalamba.

*Matailosi omveka kuphazi.* Tikachotsa sitepe pofuna kuthandiza wapanjinga, tachotsanso chizindikiro chimene wosaona amadziwira kuti msewu wayamba. Vuto limeneli yankho lake linachokera ku Japan. Bambo wina dzina lake Seiichi Miyake anapanga matailosi okhala ndi zotumphuka pamwamba mu 1965, ndipo anayalidwa koyamba mu 1967 mumzinda wa Okayama, pafupi ndi sukulu ya ana osaona. Alipo a mitundu iwiri. A mizere yotumphuka amatanthauza kuti "tsata njira iyi". A timadontho totumphuka amatanthauza kuti "ima, kutsogoloku kuli msewu kapena masitepe". Kawirikawiri amakhala achikasu kuti oona pang'ono awaone. Sachita kufuna fakitale yakunja: mmisiri woumba mabuloko a simenti akhoza kuwaumba atapatsidwa chikombole choyenera. Chachikulu n'chakuti ayalidwe molondola ndiponso mofanana paliponse. Matailosi a mizere amene akukathera pamtengo wa magetsi kapena m'ngalande ndi oopsa kuposa kusakhalapo kwake, chifukwa munthu amawakhulupirira.

*Kachilumba pakati pa msewu.* Misewu yathu ya m'mizinda ikukulitsidwa, ina kufika mizere inayi kapena isanu ndi umodzi ya galimoto. Pamsewu wotere pafunika malo otetezeka pakati, kuti munthu awoloke theka, apume, amvetsere mbali imodzi yokha, kenaka amalize. Kachilumbako kakhale ndi mpata wodutsa njinga ya olumala, ndi matailosi a timadontho mbali zonse ziwiri.

*Maroboti olira.* Kamunthu kobiriwira ka pamaroboti sikauza kanthu munthu wosaona. M'maiko ena maroboti amalira nthawi yowoloka ikakwana. Ku Japan amalira ngati mbalame, kulira kosiyana malinga ndi mbali imene munthu akulowera. Ku Britain, kunsi kwa kabokosi kodina kumakhala kachitsulo kosongoka kamene kamazungulira nthawi yowoloka, kuti amene saona komanso samva akamve ndi chala. Nthawi yowolokera iyenera kuwerengedwa poganizira woyenda pang'onopang'ono. Koma maroboti ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima ndi wowakonza akawonongeka. Hampu imagwira ntchito ngakhale magetsi atazima. Choncho m'matauni ang'onoang'ono ndi bwino kuyamba ndi zinazi.

*Kuonekera.* Pamalo owolokera pakhale nyali usiku, ngakhale ya sola, ndipo penti izibwerezedwa ikafufutika. Minibasi ndi akabaza asamaime pamizere kapena pafupi nayo. Siteji ikhale patsogolo pa powolokera, osati pambuyo, kuti wotsika akamawoloka asatulukire kumaso kwa minibasi kumene madalaivala ena sakumuona.

Nanga milatho yodutsa pamwamba pa msewu? Imaoneka yotetezeka, koma wa masitepe okhaokha umatsekera kunja wapanjinga ya olumala, woyendera ndodo ndi mayi wotopa. Anthu amenewa amawolokabe pansi, pamene madalaivala tsopano akuthamanga podziwa kuti anthu ali pamwamba. M'malo ambiri, powolokera papansi pokonzedwa bwino pamathandiza anthu ochuluka ndi ndalama zochepa.

Si chifundo chabe, ndi ufulu

Mu 2006 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo dziko la Malawi linalivomereza mu 2009. Gawo 9 la panganoli limanena za kuchotsa zotchinga m'nyumba, m'misewu, pamayendedwe, m'sukulu ndi m'zipatala. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za anthu aulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano, limene linasinthanso bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Choncho mudzi kapena parishi ikamapempha malo owolokera abwino, ikukumbutsa boma zimene linalonjeza kale.

Ndi bwino kudziwa khomo logogoda. Misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, pamene misewu yambiri ya m'kati mwa mizinda ili m'manja mwa makhonsolo. Za chitetezo cha pamsewu zili ndi nthambi ya boma ya Road Traffic pamodzi ndi apolisi apamsewu. Mabungwe a eni ake nkhaniyi, monga Malawi Union of the Blind ndi FEDOMA, amadziwa zambiri kuposa ife. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koleji ya Montfort imaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo aphunzitsi otere, amene ali m'sukulu zosiyanasiyana, ndi alangizi abwino.

Chenjezo limodzi: anthu akakwiya ndi ngozi nthawi zina amaunjika dothi kapena kukumba msewu usiku kuti apange hampu yawoyawo. Mkwiyowo ndi womveka, koma hampu yopanda muyezo, penti ndi chikwangwani imagwetsa wanjinga yamoto ndi kugubuduza ambulansi. Tikakamize oyenerera kuti amange yoyenera.

Zimene tingayambe lero

Kwa madalaivala ndi akabaza: mukaona ndodo yoyera m'mbali mwa msewu, imani, ndipo imani kwenikweni. Musamangoyenda pang'onopang'ono, chifukwa wosaona sangadziwe ngati mwaima kapena ayi. Kuphethiritsa nyali kapena kukodola ndi dzanja sakuona. Musalize hutala pomuuza kuti adutse. Iye sadziwa ngati mukuti "pita" kapena "thawa". Tsitsani galasi mulankhule naye. Koposa zonse, musapitirire galimoto imene yaima pa zebra crossing. Yaima chifukwa kutsogolo kwake kuli munthu amene inu simukumuona. Mu 2007 likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsa chikalata cha utumiki wa pamsewu chokhala ndi malamulo khumi a madalaivala, ndipo loyamba mwa iwo ndi lomwe lija loletsa kupha.

Kwa ife oyenda pansi: mukafuna kuthandiza munthu wosaona, yambani mwamupatsa moni ndi kumufunsa ngati akufuna thandizo. Ena safuna, ndipo ena sakuwoloka n'komwe, akungodikira mnzawo. Akavomera, musamukoke dzanja, malaya kapena ndodo. Mulekeni iye agwire mkono wanu pamwamba pa chigongono, inu mutsogole ndi theka la phazi. Muuzeni mukafika potsika kapena pokwera. Nenani kuti "kumanja" kapena "kumanzere", osati "uko". Mufikitseni tsidya linalo, muuzeni pamene ali ndi kumene wayang'ana, ndipo mutsanzikeni kuti asamalankhule yekha. Wapanjinga ya olumala nayenso mufunseni musanagwire njinga yake; akuuzani yekha mmene mungamutsitsire pasitepe.

Kwa ogulitsa malonda: kanjira ka oyenda pansi ndi matailosi achikasu si malo oyalapo tomato. Kusuntha benchi ndi mita imodzi kukhoza kupulumutsa munthu.

Kwa maparishi, miphakati ndi makomiti a zipatala ndi sukulu zathu: tiyambe ndi pakhomo pathu. Malo ambiri a Mpingo ali ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamodzi m'mbali mwa msewu, ndipo anthu mazanamazana amawoloka pamenepo tsiku lililonse. Sankhani tsiku, muitane akhristu osaona, oyenda panjinga za olumala, osamva ndi okalamba, muyende nawo kuchokera pasiteji ya minibasi kukafika pakhomo la tchalitchi ndi la chipatala. Iwo atsogole, inu mulembe. Yezani ndi wotchi masekondi amene woyenda pang'onopang'ono akutenga powoloka. Werengani galimoto zimene zikudutsa munthu ataima pamizere, imodzi isanaime. Lembani ngalande zotsegula ndi masitepe. Funsani kuchipatala kuti chaka chathachi analandira anthu angati ogundidwa pamalopo. Zimene zili m'kati mwa mpanda wathu, monga masitepe a tchalitchi ndi ngalande ya pageti, tikonze tokha. Za mumsewu tilembere khonsolo, khansala ndi phungu, kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'dera ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya paparishi. Kalata yokhala ndi manambala ndi masaini a anthu ambiri siitayidwa msanga ngati dandaulo lapakamwa. Ndipo mukamva kuti msewu wa kwanu ukukonzedwa, lankhulani mapulani asanathe, chifukwa kuika potsetsereka pomanga n'kotchipa kusiyana ndi kudzaphwanya simenti pambuyo pake.

Buku la Levitiko, mutu 19 ndime 14, limaletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa munthu wosaona. Palibe wa ife amene angaike mwala dala panjira ya mnzake. Koma ngalande imene tinaisiya yotsegula, galimoto imene tinaimika pakanjira ndi liwiro limene timadutsa nalo pasukulu, zonsezi ndi miyala yomweyo. Tikumbukenso kuti Ambuye Yesu atakumana ndi Bartimeyo m'mbali mwa njira ya ku Yeriko, anayamba aima, kenaka anamufunsa chimene akufuna. Kuima ndi kufunsa: dalaivala, injiniya, khansala ndi namwino, tonse tingayambire pamenepo.

Masiku oti tigwiritse ntchito alipo. Pa 15 Okutobala ndi tsiku la ndodo yoyera, Lamulungu lachitatu la Novembala ndi lokumbukira amene anafa pangozi zapamsewu, ndipo pa 3 Disembala ndi tsiku la anthu aulumali padziko lonse. Parishi iliyonse itasankha limodzi mwa masiku amenewa kuti iyende ulendo ndanena uja, chaka chamawa tikhoza kukhala ndi zolemba zenizeni zopita nazo kwa adindo.

Ophunzira anga a unamwino ndi uzamba ndimawauza kuti mayi akajomba kusikelo, asayambe ndi kukalipa monga ndinachitira ine. Ayambe amufunsa kuti, "Amayi, mwayenda bwanji kuti mufike kuno, ndipo wakuwolotsani ndani?" Yankho lake alilembe, ndipo alipititse kwa amene angakonze msewuwo.